Makapisozi a ziphuphu ochokera ku Joni, ndingamwere limodzi ndi doxy?

Nyachirwa_Katawa
Anthu a Mulungu ndithandizeni maganizo. Ine ziphuphu zandizunza kuyambira ku sekondale, osati tating'onoting'ono tija ayi koma zikuluzikulu zolimba zopweteka zomatuluka m'nsagwada ndi kumsana, zikaphwa zimasiya zipsera zakuda. Mwezi watha ku famase ina m'tauni muno anandipatsa doxycycline kuti ndizimwa kamodzi patsiku, kusintha kulipo koma pang'ono. Nde msuweni wanga wabwera kuchokera ku Joni nkhope ili see, wandisiyira makapisozi omwe anamutsalira, pa paketi alemba isotretinoin 20mg. Ndayamba kumwera limodzi ndi doxy uja kuti zifulumire. Koma milomo yauma mpaka ikung'ambika, komanso mutu ukundipweteka kwambiri makamaka ndikamadzuka m'mawa, panado sakuphula kanthu. Alipo anamwapo? Ndi mmene amayambira kapena?

Kabaza_Boy
Sisi ino ndi June, ku Mzuzu kuno ndani milomo yake ili bwino? Pakani Vaseline basi kkkk

Chibavi_Queen
Muzimwa madzi ambiri. Mankhwala akamagwira ntchito thupi limayamba ladabwa kaye.

Nesi_wa_Usiku
Achemwali, osamwanso, onse awiri. Osati mawa, kuyambira pano. Za milomo sizikundidetsa nkhawa, aliyense womwa isotretinoin milomo imauma. Chandiopsa ndi mutuwo. Tandiyankheni: mukumva nseru kapena kusanza? M'maso mukumachita chidima mukawerama kapena mukadzuka mofulumira? Mukumaona zinthu ziwiriziwiri? M'khutu mukumamveka phokoso logunda limodzi ndi mtima?

Nyachirwa_Katawa
@Nesi_wa_Usiku kusanza ayi koma nseru ilipo. Chidima chinandichitapo ndikuchapa, nditaweramuka. Ndimayesa njala.

Nesi_wa_Usiku
Nyamukani mupite ku chipatala cha Central lero lomwe. Tengani mapaketi onse awiri ndi kabuku kanu ka kuchipatala, mukawauze zonse osabisa, ndipo mukanene za chidimacho kuti akuoneni m'maso.

MnyamataWaFamase
Anesi anena zoona, ine ndingofotokoza chifukwa chake poti ena pano ayamba kale kuseka. M'mutu mwa munthu muli madzi ozungulira ubongo. Isotretinoin payekha amatha kupangitsa kuti madzi amenewa apanikize kwambiri, doxycycline naye ndi abale ake onse monga tetracycline ndi minocycline amatha kuchita chimodzimodzi. Ukawaphatikiza ndiye waonjezera ngozi, n'chifukwa chake pa kapepala ka m'bokosi amalemba kuti awiriwa asakumane. Kupanikizako kumafinya mtsempha wa diso, ndiye munthu amayamba ndi mutu wosamva panado, kenako chidima, ukachedwa maso amatha kuonongeka osabwereranso. Sizichitikira aliyense ayi, koma amene zamuchitikira amayamba ndendende ngati mmene akufotokozera achemwaliwa. Dokotala akafuna kukusamutsa pa doxy kupita pa isotretinoin amayamba wakusiyitsa doxy kaye.

Chinanso, mankhwalawa amapereka potengera kulemera kwa munthu, nthawi zambiri poyambira ndi theka la mg pa kilo iliyonse patsiku, n'kumwa miyezi inayi mpaka isanu ndi umodzi. Ndiye makapisozi otsala a munthu wina ngakhale akanakhala kuti alibe vuto sangakuchiritse, umangolandira zowawa zake phindu osaliona.

Zolozolo_Finest
Inu mumakonda kuopseza anthu. Msuweni wakeyo wamwa mpaka nkhope kusalala, wafa? Achipatala chilichonse chomwe sichinadutse m'manja mwanu ndi poizoni basi.

MnyamataWaFamase
@Zolozolo_Finest kamufunseni msuweniyo ngati ankamwera limodzi ndi doxy. Mumufunsenso kuti anamutenga magazi kangati.

MamaTiwonge
Ine zandidabwitsa kuti mpaka pano palibe wafunsa za mimba. Mwana wanga Nyachirwa, pepa ndikufunse ngati mayi ako, uli pa njira yolera? Mwezi uno wasamba? Mng'ono wanga amakhala ku UK, mwana wake wamkazi anamupatsa omwewa, kumeneko amati Roaccutane. Asanayambe anamuyeza mimba, anasayina mapepala, mwezi uliwonse kumuyezanso ndipo ankangomupatsa a masiku 30 okha kuti abwerenso. Ife tinkaseka kuti zonsezi chifukwa cha ziphuphu, mpaka anatifotokozera.

Nesi_wa_Usiku
Yewo amama mwandikumbutsa, ndinathamangira mutu uja. Nkhani ya mimba ndiye yaikulu kuposa zonse pa mankhwala amenewa. Mayi akaima ali pa isotretinoin, ngakhale wamwa kwa nthawi yochepa, mimba imatha kupita padera kapena mwana kubadwa ndi ulumali waukulu: makutu osaumbika bwino kapena kusowekeratu, vuto la mtima, mutu wodzaza madzi, m'kamwa mong'ambika. Ndipo zimaonongeka masabata oyambirira enieni, mayi asanadziwe n'komwe kuti ndi woyembekezera. Lamulo lake ndi loti uyambe kulera mwezi umodzi usanayambe kumwa, upitirize nthawi yonse, ndi mwezi wina umodzi utasiya. Woyamwitsanso saloledwa. Mankhwalawa anayamba kugulitsidwa ku America mu 1982 pa dzina loti Accutane, ana olumala atabadwa anthu anaphunzira mowawa, ndipo kuyambira 2006 kumeneko kuli ndondomeko yotchedwa iPLEDGE, dokotala, famase ndi wodwala onse amalembetsa, mayi akapanda kuyezetsa mimba mwezi umenewo famase simupatsa.

Nyachirwa_Katawa
Amama ndili ndi ka pamkono, Jadelle. Ndili pa njinga ndikupita kuchipatala, ndizayankha bwino.

Adada_a_Wezi
Pitani bwino mwana wanga.

HSA_Mchengautuwa
Poti yalowa ya kulera ndiike mawu, osati za achemwali apitawa koma kwa aliyense akuwerenga mwakachetechete. Sikuti njira iliyonse ndi yodalirika nthawi zonse. Mapiritsi aja timapereka kwa amayi oyamwitsa, a hormone imodzi, paokha sawerengedwa kuti ndi okwanira kwa munthu womwa isotretinoin. Komanso mankhwala a TB, makamaka rifampicin uja amafiiritsa mkodzo, amafooketsa mapiritsi olera ndi ka pamkono komwe. Ma ARV okhala ndi efavirenz, 5A uja, nawo amachepetsa mphamvu ya ka pamkono. 13A amene ambiri anasamukirako kuyambira 2019 alibe vuto limeneli. Jakisoni wa Depo ndi lupu sizisokonezeka ndi zimenezi. Ndiye dokotala akakufunsa kuti ukumwa chiyani china, si miseche, nena zonse. Ndipo amalangiza kuonjezera kondomu pamwamba pa njira inayo.

Kabaza_Boy
Nanga ife amuna tikamwa ndiye kuti madam asaime?

MnyamataWaFamase
Kwa mwamuna zomwe zimapita mu umuna ndi zochepa kwambiri, sizimaonedwa ngati zoopsa kwa mwana. Vuto la amuna ndi kusiya mankhwala pa windo, mkazi kapena mlongo wako n'kumatolapo poona kuti iwe nkhope yasalala.

Chibavi_Queen
Koma tinene zoona, atsikana ambiri kuno ziphuphu amaziputa okha ndi mafuta oyeretsa aja. Pitani ku Taifa mukaone mmene amagulira timachubu, ena kusakaniza atatu mu botolo la lotion.

Zolozolo_Finest
Yayambika. Aliyense wa ziphuphu ndiye kuti amadzola? Ena ndi magazi chabe.

Chibavi_Queen
Sindinati aliyense ase. Ndati ambiri.

Nesi_wa_Usiku
Nonse muli ndi mbali. Achemwali aja anati zinayamba ali ku sekondale, zimenezo ndi za thupi lawo. Koma timachubu tambiri timene akunena Queen timakhala ndi mankhwala amphamvu otchedwa steroid, muwerenge tizilembo tating'ono mupeza betamethasone kapena clobetasol. Masabata oyamba khungu limaoneka bwino, kenako limapyapyala, timitsempha kuonekera, tiziphuphu tofanana msinkhu kudzaza pachipumi ndi m'masaya, ukasiya nkhope kuyabwa ndi kufiira ndiye umabwereranso. Munthu wotere kumupatsa isotretinoin asanasiye kachubuko ndi kutungira madzi mu dengu.

Masasa_Chick
Mitengo yake nayonso yakwera heavy, mwina tisiya tokha kkkk. Sopo amene wafika pena. Abale amene mukupita ku Kyela mutiuzeko shilling ikuyenda bwanji.

Kabaza_Boy
Ukafunse ku depoti, pano tikukamba za milomo

Admin_Viphya
Za shilling ndi za katundu wa ku Kyela kuli ulusi wake. Tibwerere pa mankhwala chonde.

Driver_M1
Ine ndinamwapo, kudzera kwa dokotala wa khungu, ndiye ndikuuzeni mmene zimakhalira osati zongomva. Ziphuphu zanga zinali za kumsana ndi pakhosi, malaya oyera sindinkavala chifukwa zinkaphulika ndikatsamira mpando wa galimoto. Asanandipatse ananditumiza ku labu kukaona chiwindi ndi mafuta a m'magazi, pakati pa ulendo anandiyezanso. Mwezi woyamba zinthu zinaipiratu, ziphuphu zinachuluka kuposa kale mpaka ndinafuna kusiya, adokotala anati zimatero kwa ena, dikira. Milomo ndiye musanene. Ndinali ndi kabotolo ka Vaseline m'thumba la buluku, kena pa dashboard, kena pafupi ndi bedi, ukangoseka mwamphamvu mlomo wa m'munsi kung'ambika pakati magazi tho pa shati. M'mphuno mouma, kamfuno ndikamina m'mawa. Maso ngati mwalowa mchenga.

Chimene sindinkayembekezera ndi cha usiku. Ndikuchokera ku Lilongwe ndinafika mu Chikangawa kutada, chifunga chili tolo, ndinaona kuti maso sakugwira msewu ngati kale, magetsi a galimoto yobwera akandiwalira ndimatenga nthawi kuti ndionenso mzere. Nditawauza adokotala anati mankhwalawa amatha kuchepetsa kuona usiku, anandichepetsera mlingo n'kundiuza ndisiye kaye maulendo a usiku. Ndiye madalaivala anzanga ndi a kabaza a njinga zamoto dziwani zimenezo.

Anandiuzanso kuti ndizimwa ndikudya chakudya chokhala ndi mafuta pang'ono chifukwa pamimba popanda kanthu salowa bwino m'thupi. Ine ndinkamwera pa nsima ya madzulo. Pano msana uli bwinobwino, sindinong'oneza bondo, koma si mankhwala opatsana ngati panado.

Kabaza_Boy
Funso lofunika bwana Driver: green munkamwa?

Driver_M1
Anandiletsa. Chiwindi chimakhala chili kale pa ntchito ndi mankhwalawo, komanso mowa umakweza mafuta a m'magazi omwe mankhwalawo akukwezanso. Akakwera kwambiri amatha kutupitsa kapamba, ndipo anandichenjeza kuti m'mimba mukapweteka kwambiri mpaka kumsana ndi kusanza ndithamange. Ndinapirira, anzanga ku Chiputula ankanditcha abusa.

Kabaza_Boy
Basi ine ndikhala ndi ziphuphu zanga

MzuniFinalYear
Funso langa ndi la magazi. A MBTS otolera magazi aja amabwera pa campus kawirikawiri ndipo ine ndimapereka. Munthu ali pa mankhwalawa angapereke?

Nesi_wa_Usiku
Ayi, mpaka patadutsa mwezi umodzi atasiya. Ganizirani kuti magazi ambiri amene timaika kuno amapita kwa amayi oyembekezera ndi ana. Botolo lanulo likhoza kukathera mwa mayi wa mimba ya miyezi iwiri. Pa fomu paja amafunsa za mankhwala omwe mukumwa, lembani.

AuntyForever50
Ana inu mukuvutikiranji ndi mankhwala oopsa chonchi. Ine ndili ndi ma supplement achilengedwe, muli vitamin A, E ndi zinc, amatsuka magazi khungu kuwala. Ukhozanso kumwera limodzi ndi achipatalawo kuti milomo isaume. Inbox.

MnyamataWaFamase
Aunty ndi ulemu wonse, apa ndiye ayi. Isotretinoin anapangidwa kuchokera ku vitamin A yemweyo. Munthu akamamwa kenako n'kuonjezera ma supplement a vitamin A, ma multivitamin kapena mafuta a nsomba aja a cod liver oil, ndiye kuti wachulukitsa, ndipo zotsatira zake ndi mutu womwe uja, khungu kusupuka, mafupa kuphwanya, chiwindi kuvutika. Milomo siisiya kuuma, imaumiratu. Pali chitsamba china cha azungu chotchedwa St John's wort chimapezeka mu tiyi ndi ma supplement ena oti ochepetsa nkhawa, chimenecho chimafooketsa mapiritsi olera. Mawu oti chilengedwe asakupusitseni, fodya nayenso ndi wachilengedwe.

AuntyForever50
Ine makasitomala anga sanadandaulepo.

Admin_Viphya
Aunty malonda Lachisanu lokha, mukudziwa.

MamaTiwonge
Nanga shuga ndi mafuta ophikira athuwa si amalemba kuti muli vitamin A? Ndiye munthu asiye tiyi?

MnyamataWaFamase
Ayi amama, wa mu shuga ndi mu mafuta ndi wochepa, wa mu mango, mapapaya, karoti ndi mbatata yofiira naye alibe vuto. Chakudya chokha chomwe ndingati achepetse ndi chiwindi, cha ng'ombe kaya cha nkhuku, chifukwa m'menemo ndi momwe nyama imasungira vitamin A wambiri. Amene mumakonda chiwindi cha pa chiwaya tsiku ndi tsiku mupumuleko.

Luso_wa_Salon
Ine ndili ndi salon, ndionjezere za ntchito yanga. Kasitomala ali pa mankhwalawa osamupanga wax, kaya nsidze kaya miyendo, khungu limakhala lopyapyala limatha kuchoka limodzi ndi tsitsi. Amati mpaka miyezi isanu ndi umodzi atasiya. Ma scrub okhakhala aja ndi ma facial osupula khungu chimodzimodzi. Ndimafunsa kaye ndikaona munthu milomo yauma modabwitsa. Ndipo dzuwa, anthu amaganiza kuti ife akuda sitipsa, pitani ku Chikale mukhale tsiku lonse muli pa mankhwalawa muone. Sunscreen ndi chipewa, ngakhale kuno kumene kumakhala mitambo.

Mphunzitsi_Katoto
Pali chimodzi sichinatchulidwe ndipo ndi chovuta kuchikamba. Ndinamvapo kuti mankhwalawa amasokoneza maganizo, ena mpaka kufuna kudzipha. Ndi zoona? Ndikufunsa chifukwa ana a sukulu ndi amene ziphuphu zimawavuta kwambiri, ndipo mwana wa Form 3 sangakuuze kuti ndakhumudwa, amangosiya kucheza.

Zolozolo_Finest
Ziphuphu zomwezo ndi zimene zimakhumudwitsa munthu aphunzitsi. Munayamba mwakanidwapo chifukwa cha nkhope? Ine ndikuti mankhwala amachotsa nkhawa, osati kubweretsa.

Nesi_wa_Usiku
Apa @Zolozolo_Finest simunalakwitse kwenikweni. Ziphuphu zikuluzikulu pazokha zimagwetsa munthu mphwayi, ndipo ambiri akachira mtima umakhala m'malo. Koma alipo ena amene anasintha khalidwe ali pa mankhwalawa, kukwiya msanga, kusagona, kudzipatula, maganizo oipa, moti chenjezo limeneli lili pa kapepala ka m'bokosi. Ku UK mu 2023 anakhwimitsa malamulo kuti mwana wosakwana zaka 18 asanayambe, achipatala awiri agwirizane kaye. Chofunika ndi choti a pakhomo adziwe kuti mwana akumwa chiyani, ndipo amene anadwalapo matenda a maganizo anene poyamba pomwe. Mukaona kusintha, asiye kumwa mubwerere naye kwa adokotala. Kuno tili ndi mwayi, St John of God ili pompano, aphungu alipo.

Masasa_Chick
Ndiye doxy yekha ali bho eti? Ine ndi amene ndikumwa.

MnyamataWaFamase
Ali ndi malamulo ake naye. Mumwere madzi odzadza kapu, muli chikhalire kapena chiimire, ndipo musagone pasanathe mphindi 30. Anthu amameza ndi malovu ali kale pa bedi, kapisozi n'kukakamira pammero, m'mawa pachifuwa pakuotcha kumeza chilichonse kukuwawa. Akatero amathamangira magnesium wa kutentha pamtima uja, osadziwa kuti magnesium amagwira doxy m'mimba osalowa m'magazi. Mapiritsi owonjezera magazi ndi a calcium amachitanso zomwezo, musiyanitse maola awiri kapena atatu. Chambiko ndi mkaka musamwere nthawi imodzi ndi mankhwala. Woyembekezera samwa, ana aang'ono samwa chifukwa amathimbiritsa mano. Dzuwa naye amadana nalo. Ndipo si womwa chaka chonse, pakatha miyezi itatu mubwerere akakuoneni, kawirikawiri amafuna muzipakanso china ngati benzoyl peroxide kuti tizilombo tisazolowere mankhwala.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi choti doxy kuno amaperekedwa pa matenda ambiri, opatsirana pogonana, zilonda, chifuwa. Munthu ali pa isotretinoin mwakabisira akapita ku chipatala ndi vuto lina osanena, amupatsa doxy mosadziwa.

Adada_a_Wezi
Kodi a PMRA amalola kuti mankhwala oterewa azingolowa m'zikwama?

HSA_Mchengautuwa
Adada a PMRA amayang'anira mafamase ndi olowetsa mankhwala m'dziko, koma chikwama cha msuweni wotsika basi ya ku Joni angachione ndani. Mukapeza shopu ikugulitsa opanda pepala la dokotala, kumeneko ndiye mukhoza kukanena.

Nyachirwa_Katawa
Ndabwerako abale. Anandiyeza BP, malungo ndi mimba, zonse zili bwino. Kenako ananditumiza kwa a maso, anandithira mankhwala otanula diso n'kundiunika ndi katochi, mpaka pano foni ndikuiona mwa mbuu ndiye mukhululuke zilembo. Akuti mtsempha watupa pang'ono, ndisiye onse awiri, andipatsa mapiritsi ena otsitsa madziwo ndipo ndibwerere sabata ya mawa akaonenso. Atenganso magazi a chiwindi. Za ziphuphu akuti tikambirana ku khungu mutu ukakhala bwino, koma doxy ndi abale ake ndisadzamwenso ndipo alemba pa chikuto cha kabuku. Yewo chomene anesi ndi nonse.

Nesi_wa_Usiku
Mwachita bwino. Tsiku lobwereralo osaphonya ngakhale mutu utasiya. Maso akasintha kapena mukayamba kusanza musadikire sabatayo. Mwezi uno kondomu pamwamba pa Jadelle, ndipo magazi osapereka.

Zolozolo_Finest
Chabwino. Nde sisi makapisozi otsalawo mupanga nawo chani? Ine doxy sindimwa.

MamaTiwonge
Iwe mwana iwe!

Nyachirwa_Katawa
Anatsala ku famase ya kuchipatala konko, sanandibwezere.

Kabaza_Boy
@Zolozolo_Finest ndikunyamule mawa 7 koloko ukakhale pa mzere wa ku khungu, mtengo tikambirana